Satifiketi ya Mwana wa Gurmesa

Pa siteji ya minibasi ya ku Asella panali phokoso la masiku onse, koma Yadeta anamva mawu a munthu mmodzi yekha. Anali a mtsikana wamtali, wovala jekete yofiira ya othamanga, amene anaima pa mzere wa ku Bekoji buku lili kumaso. Ankawerenga mokweza ngati ali yekha padziko. Liwu lina lalitali lachingerezi linamukanika. Analiyesa, analiyesanso, likumupulumuka.

Yadeta analephera kupirira. Analitchula bwinobwino, n'kuwonjezera kuti, "Limatanthauza mtima ndi mitsempha ya magazi."

Mtsikanayo anatsitsa buku n'kumuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato.

"Ndakufunsani?"

"Simunandifunse. Kungoti liwulo limandimvetsa chisoni ndi mmene mumalipotokolera."

"Ndinu dokotala?"

"Mphunzitsi wa sayansi. Andituma kumene ku sekondale ya kwanuko."

"Oho, ndinu ong'amba achule aja."

Anthu a pamzere anaseka, Yadeta nayenso anaseka. Minibasi itabwera anapanikizana mpando umodzi, ndipo pofika ku Bekoji anali atadziwa kuti mtsikanayo ndi Dureti, mwana wa Gurmesa.

Kwathu ku Bekoji palibe amene sadziwa Gurmesa. Bambo ameneyu anakalambira m'nkhalango ya bulugamu akuphunzitsa ana kuthamanga, wotchi yakale ili m'manja. Koma analibe pepala lililonse. Ana amene ankawaphunzitsa akakhwima ankatengedwa ndi makalabu a ku Addis Ababa, ndipo akapambana kunja, amene ankaima nawo pachithunzi anali makochi a masatifiketi. Gurmesa ankangoonera pa wailesi ya kanema ya m'sitolo ya khofi, n'kumagwedeza mutu mokhutira.

Dureti nayenso anali wothamanga, wa liwiro lochititsa nthumanzi. Bondo ndilo linamugwetsa. Pamene linayamba kuvuta, amene ankamuyendetsera mipikisano anagwirizana ndi dokotala wina kuti asamuuze zoona, kuti athamangebe mipikisano imene inatsala. Anathamanga mpaka bondolo linatheratu. Atachira anabwerera kwa bambo ake n'kuyamba kuphunzitsa atsikana. Masatifiketi aang'ono a ukochi anali atatenga kale. Tsopano ankakonzekera yaikulu, imene imalola munthu kutsogolera timu ya dziko. Mayeso ake anali ku Nairobi, m'Chingerezi, ndipo mwayi wake subwera chaka chilichonse.

"Ndikuphunzitsani Chingerezi ndi za thupi la munthu," anatero Yadeta akutsika minibasi.

"Malipiro ake?"

"Mundiphunzitse kuthamanga."

Dureti anayang'ana kamimba kake n'kupukusa mutu. "Ntchito yanga ndiye yaikulu. Mubwere kunkhalango dzuwa lisanatuluke."

Anabweradi. Chisanu chinali chobaya m'mafupa. Atsikana a Dureti anadutsa pakati pa mitengo ngati mphepo, iye atatsala pa chitunda choyamba, atagwira mawondo, lilime lili panja. Ali chomwecho anamuona Dureti ali pantchito, ndipo kutopa anakuiwala. Mtsikanayo sankakuwa. Ankangoyang'ana, kenako n'kuyandikira mwana mmodzi, kumugwira phewa, kumunong'oneza kanthu, ndipo mwanayo akanyamukanso ankathamanga ngati wina. Ankadziwa amene sanadye, amene wakangana ndi amayi ake, amene akubisa kupweteka.

"Mwafa, adokotala a achule?" anafunsa podutsa.

"Ndafa, koma osati ndi chitundachi."

Dureti anachita ngati sanamve, koma makutu ake anamva.

Madzulo ankakumana m'kalasi, ana a sukulu ataweruka. Yadeta ankajambula mtima pabolodi, mapapo, minofu ya mwendo. Ankamufunsa mafunso m'Chingerezi, Dureti n'kumayankha akutuluka thukuta kuposa la kunkhalango. Akalakwitsa ankamenya tebulo. Akakhoza sankasangalala, ankangoti, "Lina." Ankalemba dongosolo la chaka chonse la wothamanga: miyezi yomanga mphamvu, miyezi ya liwiro, masabata opuma. Akamaliza ankaling'amba n'kuyambiranso.

Yadeta sanaonepo munthu wofuna chinthu chotere. Akanalephera bwanji kumukonda?

Kuitanana kuti "inu" kunatha kokha, osatsanzika. Mafoni anayamba kulira pafupipafupi.

"Kochi wanga, lero ndaphunzitsa ana kuti mtima uli ndi zipinda zinayi. Sindinawauze kuti mwa ine zonse ukukhalamo ndiwe."

"Lendi sindilipira. Ugone msanga, mawa kuli chitunda."

"Ndiwe khofi wanga wa m'mawa, duwa la ku Bekoji."

"Ukunama, wachule iwe. Koma pitiriza."

Tsiku lina mvula inawatsekera m'kalasi muja. Yadeta anaika choko pansi n'kumugwira dzanja.

"Dureti, ndikufuna ndikalambire pambali pako. Ndizikunyamulira madzi kunkhalango mpaka ndidzayende ndi ndodo."

Dureti sanachotse dzanja, koma nkhope yake inalimba.

"Mawu okoma ndinawamvapo. Amene anandiphera bondo ankanditcha mwana wawo. Ankandisekerera uku akudziwa. Ine umphawi ndipirira, matenda ndipirira. Koma munthu wondiganizira kuti ichi asamve, ameneyo ayi."

"Sindidzakubisira kanthu. Chokoma kapena chowawa, udzachimva kwa ine."

"Ukulonjeza?"

"Ndikulonjeza, wapamtima."

Lamlungu lotsatira Dureti anapita naye kwawo. Amayi ake, Mayi Warkitu, anakazinga khofi, utsi wa lubani unadzaza nyumba. Gurmesa anamuyang'ana mlendoyo nthawi yaitali, atafunda nsalu yake yoyera.

"Ndiwe uja umagwa pa chitunda choyamba?"

"Ndine ndemwe, bambo. Koma masiku ano ndikumagwa pa chachiwiri."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyu ndi wabwino, sadzakuthawa. Alibe miyendo yake." Kenako anatsitsa mawu. "Mwana wanga, umuthandize atenge pepalalo. Ine maso ndinali nawo, koma pakhomo la bwalo lalikulu safunsa maso. Uyu ali ndi maso anga ndi mutu woposa wanga. Akalowe pamene ine ndinkaima panja."

Tsiku lonyamuka linafika. Gurmesa anamupatsa mwana wake kathumba ka barele wokazinga, n'kumupsompsona pachipumi. Yadeta anamuperekeza mpaka pa bwalo la ndege ku Addis Ababa.

"Za pa intaneti zonse ndatseka," anatero Dureti. "Foni ndizitsegula madzulo okha, kuti ndimve iwe. Undiyang'anire makolo."

"Pita ukawaonetse, kochi wanga."

Sabata yoyamba isanathe, Gurmesa anagwa m'nkhalango, atsikana ali pakati pa kuthamanga. Yadeta ndiye anamunyamula, kumukweza pangolo ya hatchi, kenako pagalimoto mpaka kuchipatala ku Asella. Madokotala anati mtima watopa. Yadeta, amene ankadziwa bwino za mtima, anamva zimene sananene.

Anatulutsa foni. Mkuluyo anamugwira mkono ndi mphamvu zosayembekezeka.

"Ukuimbira ndani?"

"Dureti, bambo. Ayenera kudziwa."

"Akadziwa akwera ndege mawa. Adzandipeza kapena sadzandipeza, koma mayeso adzakhala atapita. Ukufuna ndife kawiri?"

"Ndinamulonjeza kuti sindidzamubisira kanthu."

"Ndiye uphwanye lonjezolo, ulisenze wekha. Mwamuna amasenza. Lumbira."

Yadeta anayang'ana Mayi Warkitu. Mayiwo anagwedeza mutu misozi ikutsika. Kodi munthu amakana bwanji pempho la amene akutsanzika? Analumbira.

Madzulo amenewo uthenga unabwera. "Wapamtima, kuno n'kovuta koma ndikulimba. Akazi tilipo awiri okha. Ababa ali bwanji? Foni yawo sikulowa."

Yadeta anayamba kuyankha. Analemba, anafufuta, analembanso.

"Ali bwino, duwa langa. Apita kumudzi kwa amalume kukaona barele, ukudziwa kulibe netiweki. Akuti ulimbike."

Gurmesa anamwalira patapita masiku awiri. Anaikidwa m'manda a patchalitchi, Bekoji yense atasonkhana, othamanga akale ndi atsopano atanyamula bokosi mosinthana. Akuluakulu anagwirizana monga mwa mwambo wathu: mwana amene ali kutali sauzidwa za imfa pafoni, amadikiridwa afike. Yadeta anayenda kwa wothamanga aliyense kumupempha kuti asalembe kanthu pena paliponse. Pochoka kumanda, dothi lidakali m'zikhadabo, foni inalira.

"Mawa ndi mayeso a pabwalo. Ndikuopa. Ndiuze kanthu kokoma."

Yadeta anakhala pamwala kuseri kwa tchalitchi n'kulemba kuti, "Palibe amene amaona wothamanga ngati iwe. Ukachite zimene umachita kunkhalango. Ndimakunyadira, kochi wanga." Atatumiza anabisa nkhope m'manja.

Ku Nairobi, Dureti anapatsidwa gulu la achinyamata amene sanawaonepo, kuti awatsogolere oyesa mayeso akuonerera. Dongosolo lake linali lokonzedwa bwino. Koma ali mkati anaona mtsikana wina, wothamanga kuposa onse, akuponda mopepuka ndi phazi lamanzere. Kunali kutsimphina kochepa kwambiri. Kumutulutsa kukanasokoneza dongosolo lonse limene ankamuyesa nalo.

Anaimitsa gulu n'kumuitana.

"Chayamba liti?"

"Palibe chikundipweteka, aphunzitsi."

"Inenso ndinkatero. Khala apa."

Anagawanso gululo pomwepo n'kupitiriza. Pamapeto mkulu wa oyesa anamufunsa chifukwa chimene anasiyira zimene analemba. Dureti anayankha m'Chingerezi chake chopunthwapunthwa kuti dongosolo likhoza kulembedwanso mawa, koma mwendo wa mwana sulembedwanso. Mkuluyo analemba kanthu papepala lake.

Zotsatira zitatuluka, uthenga unafika ku Bekoji ndi zilembo zikuluzikulu. "NDAKHOZA! Uwauze ababa! Ayi, usawauze, ndidzawapatsa ndekha m'manja."

Yadeta anakamulandira pa bwalo la ndege. Dureti anamuthamangira, bondo analiiwala, n'kumukumbatira pakati pa anthu.

"Waonda bwanji chonchi? Unkandisowa mpaka kusiya kudya?"

"Ndinkakusowa," anayankha Yadeta. Pa zonse zimene akananena, chimenecho chokha chinali choona.

M'galimoto Dureti analankhula njira yonse. Anatulutsa satifiketi kangapo, akuisisita. Atafika ku Asella Yadeta anati kwada, agone kwa azakhali ake a Dureti, apitirire mawa. Dureti anadabwa pang'ono, chifukwa dzuwa linali lisanalowe, koma kutopa kunamugonjetsa.

M'bandakucha kunamveka kugogoda. Dureti atatuluka kuchipinda anapeza amalume ake ndi akuluakulu ena atakhala chete pabalaza. Azakhali anali atavala zakuda. Aliyense wobadwira kwathu amadziwa tanthauzo la alendo a nthawi imeneyo.

"Ndani?" anafunsa.

"Khala pansi, mwana wathu. Limba mtima. Bambo ako apuma."

Kulira kwa Dureti kunadzutsa mzere wonse wa nyumba. Anadzigwetsa pansi akuitana bambo ake. Patapita nthawi anadzutsa mutu.

"Maliro ndi lero?"

Amalume anayang'ana pansi. "Tinaika kale. Sabata yatha."

Dureti anatembenuka pang'onopang'ono. Yadeta anali ataima pakhomo.

"Sabata yatha," anabwereza. "Pamene unkandiuza kuti ali kumudzi akuona barele."

"Dureti, anandilumbiritsa. Sankafuna kuti..."

"Akuluakuluwa sindiwaimba mlandu, atsata mwambo. Amayi sindiwaimba mlandu. Iwo sanandilonjeze kanthu. Koma iwe unandigwira dzanja. Unkanditcha duwa uku ukuchokera kumanda a bambo anga?"

"Ndinkafuna ukhoze."

"Nawonso amene anandiphera bondo ankafuna ndipambane." Anatenga satifiketi ija n'kuiponya pamapazi pake. "Tenga. Ndi yako, waigula ndi bambo anga. Ndisakuonenso."

Yadeta anaitola, anaipukuta fumbi, n'kuipereka kwa azakhali. Kenako anatuluka.

Masabata anadutsa. Dureti anakhala m'nyumba ndi amayi ake, atavala zakuda. Uthenga wa Yadeta unabwera kamodzi kokha: "Sindikupempha kuti undikhululukire. Ndinakulakwira. Ndikadali pano." Sanauyankhe. Atsikana ake ankapita okha kunkhalango, n'kumabwerera msanga.

Tsiku lina akusankha mphodza ndi amayi ake, Mayi Warkitu analankhula osamuyang'ana.

"Mwana uja anakana, ukudziwa? Anakangana ndi bambo ako ali pabedi la chipatala. Foni inali kale m'manja."

"Koma sanaimbe."

"Sanaimbe. Iweyo bambo ako unawakanapo chiyani, chibadwire?"

Dureti anapitiriza kusankha mphodza.

"Ndiye amene ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa madzi ndi supuni. Abale ako enieni ankabwera n'kupita. Iye sanachoke. Akamaliza kukulembera iwe ankatuluka panja, ndinkamumva akulira kuseri kwa khoma. Sindikuti anachita bwino, mwana wanga. Inenso usiku ndimadzifunsa. Ndikungoti mawu omaliza a bambo ako ali ndi iyeyo, ndipo iwe sunawafunse."

M'mawa mwake Dureti anavala jekete yake yofiira pamwamba pa zakuda n'kupita kunkhalango. Atsikana atamuona anaima osadziwa chochita.

"Mwaima chifukwa chiyani? Gurmesa anakuphunzitsani kuima?"

Atsikanawo anathamanga tsiku limenelo ngati akuthamangira mendulo.

Pa mwambo wokumbukira malemu patatha masiku makumi anayi, anthu anadzaza pakhomo pa Gurmesa. Wansembe anapemphera, injera, buledi wathu wopyapyala, inatuluka m'madengu. Dureti akutumikira alendo anamuona Yadeta. Sanakhale ndi aphunzitsi anzake pamipando. Anali kuseri kwa nyumba, malaya atakwinya m'mikono, akutunga madzi ndi kutsuka mbale pamodzi ndi achinyamata a m'mudzi. Anali atatha ngati wodwala.

Alendo atachepa, Dureti anatenga mbale ya chakudya n'kupita kuseriko. Yadeta ataona mapazi ake anaimirira, manja akudontha madzi.

"Khala pansi," anatero Dureti. "Undiuze zonse. Kuyambira pamene anagwa. Usadumphe ngakhale chimodzi, ngakhale chonyansa."

Anakhala pa mtolo wa nkhuni, ndipo Yadeta ananena zonse. Ananena za ngolo ya hatchi, za mpweya umene unkavuta, za ululu umene mkuluyo ankaubisa mkazi wake akalowa. Ananena za kulumbira kuja, ndi za bodza la barele, kuti analipeka yekha, palibe anamuuza. Dureti analira mwakachetechete, koma sanamudule.

"Pomaliza anati chiyani?"

"Anafunsa kuti mayeso a pabwalo ndi liti. Nditawauza, anati, 'Ameneyo akhoza. Vuto lake n'limodzi, sadziwa kupuma. Amapumitsa ana a eni, iye osapuma. Udzamuuze kuti ndati azikhalako pansi.' Kenako anati ndiwatsegulire zenera."

Dureti anaseka uku akulira. "Ndi iwowo. Mpaka pomaliza kundikonza."

Anapukuta misozi. Kutsogolo kwa nyumba kunkamveka azimayi akusonkhanitsa makapu.

"Yadeta, ukanandiuza ndikanabwera. Mwina ndikanawapeza, mwina ayi. Koma kusankha kunali kwanga. Unandilanda."

"Ndikudziwa."

"Sindinakukhululukire. Mwina zidzanditengera nthawi yaitali."

"Ndidikira."

"Ndipo usamaganize kuti tsiku lina ndidzati unachita bwino."

"Sindidzayembekezera zimenezo."

Dureti anamuyang'ana, maso olowa mkati aja, manja otuwa ndi sopo. Munthu uyu anamunamiza. Munthu yemweyu anatseka maso a bambo ake. Mtima ungasankhe bwanji mbali imodzi n'kutaya inayo?

"Wadya lero?"

Yadeta anapukusa mutu.

Dureti anang'amba injera, anakulungamo ndiwo mosamala, n'kutambasula dzanja mpaka pakamwa pa Yadeta, monga timachitira kwathu ndi munthu amene timamukonda. Achinyamata otsuka mbale anasiya kutsuka. Mayi Warkitu, amene ankabwera ndi mtsuko wa khofi, anaima pangodya ya nyumba, kenako anabwerera mwakachetechete.

Yadeta anazengereza, misozi ili m'maso.

"Tsegula pakamwa," anatero Dureti. "Dzanja langa likutopa."